Bwato la a Dominiko ndi Chingolo cha Alamu Anga

Ndikanena kuti kwathu ku Bembeke kunali bwato, anthu amandiyang'ana ngati ndalawirira kachasu. Bwato pamwamba pa mapiri, kumene madzi amene timawadziwa ndi a pachitsime cha kudimba? Sekani, mano ndi anu. Koma bwatolo linalipo, ndipo amene analitsitsa ndi alamu anga, a Gerevazio, owotcherera zitsulo pamsika paja. Ine ndine Agatha, ndimagulitsa kachewere ndi kabichi pafupi ndi shedi yawo. Munthu ameneyu ndamudziwa kuyambira ali ndi tsitsi mutu wonse, pamene ankafunsira akulu anga a Sungeni, ndiye wina asandiuze za iye.

Kale a Gerevazio anali katswiri wa ngolo. Anthu ankachoka ku Mayani, ena ku Mphunzi, kudzapangitsa ngolo kwa iwo. Analinso munthu wa mluzu ndi nthabwala. M'mawa uliwonse ndikamayala katundu wanga ankati, "Alamu, kabichi wanuyu ngakhale mbuzi ingayambe yapemphera isanadye." Ine ndinkawabwezera kuti nkhope yawo yapsa ndi moto wa zitsulo mpaka akulu anga amawazindikira ndi chifuwa chokha. Mwana anali naye mmodzi, Marita, kamtsikana kosakhazikika, koyimba paliponse, ngakhale pothyola nkhwani.

Mmisiri amadyera m'mbale yobooka, si bodza. Ngolo za anthu ankaziikira zitsulo zabwino, koma yawoyawo anaikira ekiselo ya galimoto yakale yomwe inali ndi mng'alu. Ekiselo ndi chitsulo chija chimagwira matayala awiri, chimene chimasenza katundu yense. Mng'aluwo anauwotcherera okha, n'kumenyapo hamala, n'kunena kuti chitsulochi chidzawaika m'manda iwo chikadali cholimba.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, nkhungu itagwa yoti sungaone ndi dzanja lako lomwe, anadzaza ngolo ija ndi matumba a kachewere kuchokera kumunda wa kumtunda. Marita anakwera pamwamba pa matumba. Bambo ake anali kutsogolo, akutsogolera ng'ombe, ina ili ndi belu m'khosi. Pamtsetse wotsikira kumlatho, pokhota pamene pali mtengo wa bulugama, ekiselo inathyoka pomwe anawotcherera pomwepo. Mmene tinamupezera mwanayo sindinena. Ndinamusambitsa ndine, ndipo zimenezo zikhale zanga.

Kuyambira tsiku limenelo a Gerevazio sanapangenso kanthu koyenda ndi tayala. Ngakhale wilibala yothyoka mwendo ankaibweza. Anangotsala ndi mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo ndi mbaula. Mluzu unatha. Akulu anga anapirira zaka zingapo, kenako mtima unawalephera, tinawaika pafupi ndi mwana wawo. M'nyumba munatsala bambo ndi galu, kagalu kamene Marita anakatola kumsika n'kukalera ndi phala lake.

Tsono mverani chimene chinkandidya ine. Kukagwa nkhungu m'mawa, alamu anga ankasiya kuwotcherera, n'kukweza chigoba chija cha galasi lakuda chomwe amatchingira nacho maso, n'kuyang'ana kumsewu wochokera kumtunda.

"Alamu, mwamva?" ankandifunsa motsitsa mawu. "Ngolo ikubwera. Belu lija, ndi tayala lakumanzere likulira."

Ine sindinamvepo kanthu, ndikulumbira pali akulu anga kumanda. Koma galu uja, yemwe tsopano anali nkhalamba yotha mano, ankadzuka, n'kuimika makutu, n'kuyamba kugwedeza mchira akuyang'ana m'nkhungu momwemo. Alamu angawo ndinawakalipira, ndinawakokera kwa ansembe, tinaperekera mwana Misa kangapo konse. Nkhungu ikagwa, chigoba m'mwamba. Ndinkafuna mwana wa akulu anga agone, ndipo bamboyu apume. Ndicho chokha ndinkapempha.

Za bwato zinali chonchi. Kumudzi wa kumtunda, kupitirira mtsetse womwewo, kunali a Dominiko, amene paunyamata wawo anagwirapo ukalipentala pa sitima za panyanja. Atabwerera kumudzi nyanja inawatsalira m'mutu. Anayamba kukhoma bwato pabwalo pa nyumba yawo ndi matabwa a paini, bwato lalikulu loyenda ndi mphepo, la chinsalu chija amati thanga. Poyamba anakumba dzenje lalitali, n'kuthiramo simenti ndi zitsulo zakutha, mudzi wonse n'kumati akumanga maziko. Kenako pamwamba pa mazikowo panayamba kuima nthiti za matabwa. Zaka zinapita, mvula inakwirira dzenje lija ndi dothi, maungu anayanga mozungulira, nkhuku zinkaikira mazira m'mphepete. Bwato linakula mpaka kutalika kuposa nyumba ya eni ake. Litangotha kupakidwa utoto, a Dominiko anadwala n'kumwalira.

Bwato lopanda mwini linayamba kuopsa. Mphepo ikawomba linkalira ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo amayi opita kumjigo anasintha njira. Levison, mwana wa mlongo wawo wa malemu, maso ake anali pa matabwa. Abale anagwirizana kuti akadzamanga chiliza pambuyo pokolola, bwatolo likadzapezeka lilipobe adzaliphwasula n'kugawana.

Apa ndi pamene a Magadalena, akazi a malemu, anatsika kudzaima pakhomo pa shedi. Ndi mayi wamng'ono thupi, wosakweza mawu.

"Bambo, ndabwera kwa inu," anatero. "Amuna anga anandisiyira mawu akuti bwato lawo lisawolere pamtunda. Kunyanja kuli ana a mnzawo wa pasitima, akulidikira. Lole yokoka yapezeka, thirakitala yolifikitsa kumsewu wa tala yapezeka. Chasowa ndi ngolo yoti bwato likwerepo."

"Pepani mayi, ine za matayala ndinasiya," anayankha alamu anga osawayang'ana n'komwe.

"Ndikudziwa. Koma anatinso ndikuuzeni kuti katundu wanu uja sanamutayebe. Ati ali m'bwatomo, mukamuperekeze nokha."

Ndodo yowotcherera inagwa m'manja mwa a Gerevazio. Mayi aja atapita ndinawapanikiza, poti ine nkhani sindiilola kundidutsa pamphuno. Anandiuza kuti maliro a Marita atatha anatenga ekiselo yothyoka ija n'kukapereka kwa a Dominiko. Anawapempha kuti akaiponye m'nyanja, pakuya, pamene munthu sadzaionanso. A Dominiko anawalonjeza kuti idzapita ndi bwato lawo.

"Ndiye mukudikira chiyani?" ndinawafunsa. "Zaka zonsezi chitsulo chimene chija chili pamtunda pompa, ndipo mukudabwa kuti mwana sakugona? Pangani ngoloyo, chichoke!"

Anapita kukafufuza m'bwato monse, pansi pa mipando, m'makona, koma ekiselo sanaipeze. Anaganiza kuti mwina malemu ankalankhula ndi matenda. Komabe mawu anali atawalowa. Anavomera, koma anaika lamulo limodzi.

"Ndipeza chasisi cha lole yakufa, chokhala ndi maekiselo ake a kufakitale. Ndiwotcherera zapamwamba zokha. Pa ekiselo dzanja langa silikhudzapo."

Poyeza bwato anadula nsungwi yaitali, chifukwa tepi yawo inali yaifupi. Amayi a m'mudzimo ataona anayamba kunong'onezana, pakuti kwathu chinthu chogona chimene amachiyeza ndi mtengo ndi maliro, pofuna kudziwa kutalika kwa bokosi ndi manda. Alamu anga anayeza m'litali, m'lifupi, ndi kuchokera pamene mimba ya bwato inakhudza dothi kufika pamwamba. Anayeza zonse zimene maso ankaona, ndipo tonse tinali pomwepo, palibe anatsutsa.

Chasisi, chimango chija cha zitsulo chapansi pa lole, anachipeza kuseri kwa galaja ina ku Dedza boma, chitamera udzu. Anachitalikitsa ndi njanji za denga la sitolo yogumuka, n'kuimika nsanamira m'mbali zonse, n'kuzikulunga ndi zidutswa za matayala akale kuti zisakande matabwa. Kutsogolo anaikako chokokera chachikulu ngati mkono wa munthu. Chinatuluka chingolo chosalala pamwamba, ngati ngolo ya ng'ombe yomwe yakula mopitirira. Ana asukulu ankaima kuchionerera mpaka kuchedwa m'kalasi. Tsiku lina ndinawamva alamu anga akuyamba kaluzu, kenako anadzidzimuka okha n'kusiya.

Tsiku lokweza bwato, amuna onse a mumphakati wathu anabwera ndi zingwe ndi mitengo yogubuduzira. Thirakitala inakoka. Bwato silinasunthe. Inakokanso mpaka matayala anakumba pansi, utsi bii, chingwe n'kuduka kuti thi! Anawonjezera ng'ombe, anthu anakankha kumbuyo akuyimba nyimbo yokokera mitengo. Bwato linangobuula m'kati mwake, kubuula kwa munthu, koma osasuntha ngakhale pang'ono.

Nyimbo inazima. Wina kumbuyo ananena chimene tonse tinkaganiza: "Malemu akukana."

Kwathu timadziwa kuti bokosi la maliro limatha kukana. Onyamula amalemedwa, miyendo imakanika, mpaka wachibale alankhule nalo. A Magadalena anagwada m'dothi, n'kugwira matabwa ndi manja awiri.

"Bambo, ndine Magadalena. Si inu munati lisawolere pamtunda? Tiyeni, musandichititse manyazi pamaso pa anthu."

Anakokanso, koma ayi ndithu. Levison, amayi inu, anali atabwera kale ndi nkhwangwa, ataibisa m'maungu.

"Mwaona nokha," anatero. "Amalume sakufuna lichoke. Tisalimbane ndi akufa."

"Iwe, akufa anakutuma kuti ukhomere khola la nkhumba zako?" ndinamufunsa. Anandiyang'ana moipa, ine n'kumuyang'ana moipa kuposa.

A Gerevazio anatenga chitsulo chosongoka n'kuchizika pansi pa mimba ya bwato. Chinagunda chinthu cholimba kuti ngwe. Anasuntha, n'kuzikanso. Ngwe.

"Mayi, pansipa pali chiyani?"

"Amenewo ndi maziko aja," anayankha a Magadalena. "Amatsala amenewo."

"Kodi bwato limakhala ndi maziko?"

Tinayang'anana. Ife anthu a kumapiri, tikanadziwa bwanji? Chilichonse chimene tinachionapo chikumangidwa pa simenti chinali nyumba. Wina anaimbira foni mmodzi wa ana a kunyanja aja, ndipo tinamumva akuseka. Anati si maziko ayi, ndi chipsepse cha bwato, chomangidwa kumimba ndi mabawuti. Chimakhala pansi pa madzi, ndipo kulemera kwake n'kumene kumaletsa bwato kugubuduka mphepo ikakankha thanga. A Dominiko anachikumbira dzenje kuti bwato likhale pafupi, azilifikira pokhoma. Tsiku lonse tinkakoka chinthu chozikika m'nthaka, ndipo n'chisomo kuti sitinaling'ambe mimba.

Panafunika kufukula, koma palibe amene anafuna kuyamba kukumba pabwalo la malemu. Anavomera ndi adzukulu okha, anthu okumba manda, poti iwo dothi la akufa analizolowera. Anachirikiza bwato ndi mitengo, n'kuvula malaya, n'kuyamba kukumba mbali zonse ziwiri mwa ukatswiri wawo, makoma owongoka bwinobwino. Amayi tinakhala pansi chapatali osauzidwa ndi munthu, monga timachitira kumanda. Chipsepse chinayamba kuoneka, chotuwa, chachitali kufika pachifuwa cha mwamuna.

Chakutsogolo kwake simenti inali itagumuka pang'ono, ndipo panatulukira mutu wa chitsulo chadzimbiri. Mdzukulu wina anachipala ndi fosholo. A Gerevazio anati, "Basi, siyani." Anatsikira m'dzenjemo, n'kupukuta chitsulocho ndi malaya awo. Ndinasendera pafupi. Inali ekiselo ija. Mzere wowotcherera unkaoneka bwinobwino, ndi pomwe unathyokera. A Dominiko sananame. Anaiumbira m'chipsepse kuti ikalowe m'madzi ndipo isadzatulukenso.

Alamu anga anakhala pansi m'dzenjemo, msana atatsamira dothi. Adzukulu anatuluka mmodzimmodzi n'kuwasiya okha. Ine ndinalira, sindibisa.

Tsono vuto linali ili. Chingolo chija chinali chopanda ntchito. Kukweza bwato pamwamba pake ndi chipsepse chomwe, likanatalika mpaka kukola mawaya a magetsi, ndipo likanagwa pokhota poyamba. Chipsepse chinayenera kulowa pakati, chitsike mpaka pafupi ndi msewu. Koma pakatipo n'pamene pankadutsa maekiselo. Njira inali imodzi yokha: kuwadula pakati, n'kuwawotcherera mokhotera pansi kuti chipsepse chikhalepo.

"Sindingathe," anatero titabwerera kushedi. "Mundiuze china chilichonse. Ekiselo yowotcherera ine, pamtsetse womwewuja, anthu ali m'mbali? Alamu, mukufuna ndiphe angati?"

"Ndiye Levison aphwasule," ndinawayankha, mtima utandiwira. "Matabwa apite kukhola, chipsepse achikwirirenso pomwepo, chitsulo chanu chikhale m'dothi la kwathu mpaka Yesu adzabwere. Inu muzikweza chigoba chanucho mpaka mudzafe, mwana azingoyendayenda m'nkhungu ndi chisanu chonsechi, wopanda ndi juzi yomwe. Ndinu bambo wanji inu?"

Mawu amenewo anali olasa, ndipo ndinawalasa dala. M'mawa mwake ndinamva galayinda ikulira, ikudula ekiselo yoyamba.

Sindinaonepo munthu akugwira ntchito chonchija. Ankasongola m'mphepete mwa zitsulo, n'kuzitenthetsa pa makala, n'kuwotcherera mzere umodzi, n'kugogoda, n'kupala, n'kuyang'anitsitsa ngati mayi wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Akakayika pang'ono ankadula zonse n'kuyambiranso. Magetsi akazima ankangokhala pambali pa chitsulo, manja ali pamaondo. Chakudya ndinkachita kuwaikira m'manja. Ndipo nkhungu inkagwa pafupifupi m'mawa uliwonse, poti inali nyengo yake.

"Masiku ano ngolo ija sikudutsa," anandiuza tsiku lina, chigoba chili pamphumi. "Ikumaima pakhomo pompa."

Ndinayang'ana. Galu anali atatuluka, ataima pakati pa msewu, akugwedeza mchira, mutu atautukula ngati pali wina akumusisita. Ndinachita chizindikiro cha mtanda n'kubwerera ku kabichi wanga.

Chingolo chitatha anachikokeranso kumtunda. Adzukulu anakumba njira yotsetsereka kutsogolo kwa dzenje, amuna anakweza bwato pang'onopang'ono ndi majeke, chingolo n'kulowa chafutambuyo. Chipsepse chinakhala pamalo pake. Ulendo uno thirakitala itakoka, bwato linatuluka m'nthaka mosavuta, maungu akulendewera m'mbali. A Magadalena anangoti, "Zikomo bambo," ndipo sindikudziwa ngati ankauza amoyo kapena akufa.

Tinanyamuka m'mawa wa tsiku lotsatira, chiliza chitatsala pang'ono kumangidwa. Nkhungu inali yoti bwato ukaliona kutsogolo, kumbuyo kwake sukukuona. Titafika pamwamba pa mtsetse, a Gerevazio anaimitsa thirakitala. Anauza anthu onse kuti abwerere m'mbuyo, pasapezeke munthu m'mbali. Kenako anakwawira pansi pa bwato n'kukhala pa ekiselo imene anawotcherera, pafupi ndi chipsepse.

"Alamu, mwapenga? Tulukanimo!" ndinakuwa.

"Ikathyoka iyambe ndi ine," anatero. "Tsiku lija ndinali kutsogolo. Lero ndikwera."

Ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire, ndinawatchula mayina amene sindingabwereze pano. Sanasunthe. Woyendetsa thirakitala anandiyang'ana, kenako n'kulowetsa giya. Lamulo lawo loti pasakhale munthu m'mbali ndinaliphwanya. Ndinayenda pambali pa tayala, kuti ngati n'kufa ndiwaone akufa, ndikawanenere bwino kwa akulu anga. Kumbuyo kunkabwera a Magadalena ndi kolona m'manja, ndi mudzi wonse, mwakachetechete, ngati tikuperekeza maliro.

Chingolo chinkatsika pang'onopang'ono, zitsulo zikulira, bwato likuwerama uku ndi uku pamwamba pathu. Mtengo wa bulugama unatulukira m'nkhungu. Pokhota pomwepo mvula inali itakumba ngalande, ndipo tayala lakumanzere linagweramo. Chingolo chonse chinapendekeka. Bwato linaweramira kumbali kwanga mpaka ndinaona utoto wake pamwamba pa mutu wanga. Kulemera konse kunatsikira pa ekiselo imene alamu anga anakhalira, ndipo chitsulo chinalira mokweza, kulira kwakutali. Thirakitala inazima. Kunangoti zii.

M'chete ameneyo ndinaona galu uja. Anali patsinde pa bulugama, akugwedeza mchira mwamphamvu, akuyang'ana pamwamba pa bwato. Ndipo ndinamva mawu a alamu anga kuchokera pansi, mawu ofatsa, amene ndinali ndisanawamve chimwalirire mwana.

"Gwiritsa, Marita. Gwiritsa, mwana wanga, tatsala pang'ono."

Dzanja lawo linali pa mutu wa chitsulo chadzimbiri chija. Woyendetsa analizanso injini. Amuna anathamanga ndi miyala ndi mitengo, Levison yemwe ali nawo, n'kuponya pansi pa tayala. Tayala linakwera, bwato linaweramuka. Ekiselo sinathyoke. Tinawoloka mlatho, ndipo amayi kumbuyo anayamba nthungululu zosakanikirana ndi kulira.

Kutala lole inali ikudikira. A Gerevazio anatuluka pansi paja, n'kuzungulira chingolo, n'kugwira paliponse pamene anawotcherera. Panalibe mng'alu. A Magadalena anawapempha kuti akwere nawo akaone bwato likulowa m'madzi, koma anakana. Anaima pamsewu mpaka lole inazimirira, kenako anabwerera kushedi wapansi, galu ali pambuyo.

A Magadalena anabwerako patapita masiku angapo, nkhope ili mbee. Anati bwato linatsika mapiri onse bwinobwino, ndipo litalowa m'madzi linaima chilili, thanga n'kudzaza mphepo. Chipsepse chinamira pansi, sichioneka n'komwe. Chingolo chinabwerera chopanda kanthu, chili kuseri kwa shedi mpaka lero, ndipo nkhuku zanga zimagona pamenepo.

Nkhungu yotsatira inagwa Loweruka. Ndinafika pamsika ndi tiyi m'fulasiki ndi mbatata yootcha, mtima uli m'malo. Alamu anga ankawotcherera felemu ya chitseko. Nthawi yake itakwana anasiya, n'kukweza chigoba, n'kuyang'ana kumsewu wa kumtunda. Anamvetsera nthawi yaitali. Galu anali gone pafupi ndi mbaula, mphuno ili m'miyendo, ndipo sanatukule ngakhale khutu.

"Alamu, mwamva?"

"Ayi."

"Inenso ayi," anatero.

"Tithokoze Mulungu!" ndinatero, ndikuwathirira tiyi. "Mwana wagona. Mwapuma tsopano."

Anandiyang'ana, misozi ikutsika m'mizere ya mwaye kumaso kwawo.

"Anakuuzani ndani kuti ankandivutitsa? Alamu, mwana wanga ankabwera kunyumba. Njira yake inali yomweyo basi."

Ndinaima ndi kapu m'manja mpaka tiyi anazizira.

Ngolo anayambanso kupanga, ndipo anthu a ku Mayani ayambanso kubwera. N'zolimba kuposa zakale. Galu uja anafa mvula yoyamba itagwa, anamukwirira okha kuseri kwa shedi. Koma mpaka lero, kukagwa nkhungu, a Gerevazio amasiya ntchito n'kukweza chigoba. Sindiwakalipiranso. Ndimasiya kuyala kabichi wanga, wogula akalankhula ndimamuuza kuti akhale chete, ndipo tonse awiri timayang'ana kumtunda, kumvetsera.